Tamukulitsa Chilembwe, koma anzake aja tawasiya kuti?

Sabata ino ndine wa ku Chiradzulu, kuno kwa Mpama. Ndimagulitsa nandolo ndi tomato pamsika, ndiye ndalama ya K2,000 yokhala ndi nkhope ya John Chilembwe imadutsa m'manja mwanga pafupifupi tsiku lililonse.

Nkhani yanga ikuyambira pa chiboliboli cha Samson Kambalu chotchedwa Antelope, chomwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 pomwe Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu, nthawi yomwe munthu wakuda amayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamupanga Chilembwe wamtali kwambiri, Chorley n'kumuchepetsa. Kwa anthu a ku London izi zinali bwino, chifukwa ambiri samamudziwa.

Vuto ndi loti kwathu kuno timachitanso chimodzimodzi, koma amene timawachepetsa ndi anzake a Chilembwe yemwe. Pa 15 January wailesi imangobwereza nkhani imodzi: Magomero, mutu wa William Jervis Livingstone, kuukira kwa pa 23 January 1915. Zatha. Ngati kuti Providence Industrial Mission ku Mbombwe inamangidwa ndi munthu mmodzi.

Ndani amatchula Landon Cheek? Anali mbusa wakuda wa ku America, anafika mu 1901 potumidwa ndi National Baptist Convention. Nanga Emma DeLaney wa ku Florida, yemwe anafika mu 1902 n'kumaphunzitsa amayi kusoka? Anthu amenewa makolo awo anachoka mu Africa pa ukapolo, iwo n'kubwera kudzakhala pakati pathu, kumwa madzi a m'zitsime zathu, kudwala malungo athu. Mnyamata wina amene anaphunzira kwa DeLaney, Daniel Malikebu, anamutsatira mpaka ku America, anaphunzira udokotala, ndipo mu 1926 anabwerera kudzatsegulanso PIM, patapita zaka boma la atsamunda litagumula tchalitchi mu 1915. Popanda mayi uja, mwina lero tikanamangoloza tchire.

Palinso Alomwe, omwe anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwera m'thangata la m'maesiteti a azungu. Agogo anga aakazi anali mdzukulu wa anthu amenewo. Amadziwa njira imene makolo awo anadzera, mitsinje imene anawoloka, zimene ananyamula pamutu. Ine ndimangoti ndidzawafunsa bwino ndikapeza mpata. Mpatawo unapezeka pamaliro. Mpaka pano zimandipweteka.

Mabuku alipo, sindikukana. Independent African ya Shepperson ndi Price, ya mu 1958, inafotokoza za Cheek ndi DeLaney. Koma ili m'Chingerezi, ndi yaikulu, ndipo mwana wa pulayimale kwa Mpama sangaipeze. Museum ya ku Chichiri nayo imafuna thiransipoti ya ku Blantyre.

N'chifukwa chake ndikuti tifunika kanyumba kosungiramo mbiri koyendetsedwa ndi ife eni mudzi. Chipinda chimodzi chokhoma bwino chikwanira. Muikemo zithunzi za Cheek, DeLaney ndi Malikebu, mawu ofotokoza akhale m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Mabanja abweretse khasu lakale, mtanga, makina osokera a agogo, dzina la mwini wake lilembedwe pambali. Achinyamata a mafoni ajambule mawu a okalamba omwe adakalipo, ayambe mwezi uno womwe.

Wina anena kuti anthu akuvutika ndi mtengo wa feteleza, za mbiri zidikire. Ndikumva, nanenso ndimalima. Koma feteleza tidzagulanso chaka chamawa, pomwe agogo akapita sabweranso.

Inu a ku Mulanje, Thyolo, Zomba, makolo anu anafika bwanji pomwe mukukhalapo? Alipo kwanu amene angafotokozebe? Tiuzeni m'munsimu.