Tizilembo ta pansi pa kainjini ka nthunzi

Pamene sitima ya malasha inkayamba kuima pa Balaka, njanji itafika ku Salima mu 1935, ana a ku Ulaya anali atazolowera kale kuseweretsa tiinjini ta nthunzi toyendadi: kathanki ka mkuwa kothiramo madzi, kambaula ka sipiriti kunsi kwake, ndi gudumu lomwe limazungulira madzi akawira. Tambiri tinkachokera ku Nuremberg, ku Germany. Wofuna kudziwa amene anapanga kainjini kotere amayang'ana tizilembo todindidwa pa chitsulo chapansi, monga iti: "GBN, D.R.G.M., Made in Germany".

GBN ndi Gebrüder Bing Nürnberg, kampani ya Ignaz Bing ndi mbale wake Adolf, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1860. M'zaka za m'ma 1920 chizindikirocho chinasintha n'kukhala BW, ndipo kampaniyo inagwa mu 1932. Ndiye kainjini ka GBN ndi kakale kuposa ka BW.

Ambiri amapusitsidwa ndi D.R.G.M., poyesa kuti ndi dzina la kampani. Ayi ndithu. Zilembozi zimangosonyeza kuti kapangidwe kake kanalembetsedwa ku boma la Germany potsatira lamulo la 1891, ndipo makampani ena monga Märklin, Doll ndi Ernst Plank nawonso ankazidinda. Sizitchula chaka. Zimakuuzani kuti chinthucho sichinapangidwe 1891 isanafike.

Mzere wachitatu ndi umene uli ndi nkhani. N'chifukwa chiyani Mjeremani alembe m'Chingerezi? Mu 1887 Britain inalamula kuti katundu wobwera alembedwe kwawo, n'cholinga choti anthu azipewa za ku Germany. Zinatembenuka: ogula anayamba kufunafuna mawu omwewo. Choncho Chingerezicho chikuloza msika wakunja, monga Britain ndi maiko omwe inkalamulira, Nyasaland kuphatikizapo. Pakakhala mawu oti "U.S. Zone", dziwani kuti ndi ka pambuyo pa 1945.

Mmisiri wa malata wa pamsika wa Balaka mutamupatsa kainjini kotere, akhoza kukawotcherera bwinobwino, kukakwecha ndi mchenga n'kukapaka penti. Kangawale, koma kangataye dzina, poti zizindikiro zina zinali zongomata. Zikatero otolera zakale amafananiza gudumu ndi chumuni ndi zithunzi za m'mabuku akale a malonda. Ngakhale dzina looneka bwino limasocheretsa: Bing ankapangiranso kampani ya Bassett-Lowke ndi sitolo ya Gamages ku England, iwo n'kumagulitsa m'dzina lawo.