Wanzeru Wacisoni ndi Mai Wokondwa

Pali nthano yaifupi imene analemba Voltaire, mlembi wa ku France, nisindikizidwa caka ca 1761. Masamba ace ndi owerengeka, koma funso lace latha zaka zoposa 250 osakalamba. Ndipo tiyesa kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi anzathu ndi makolo amene alipirira ana sukulu, adzapindula tikaiika nthanoyo pa muyeso. Funsolo ndi ili: munthu akati apatsidwe nzeru zopanda malire, koma mtengo wace ukhale cimwemwe ca mtima wace, kodi ayenera kubvomera malondawo?

Nthanoyo iyenda motere. Mlendo wina anakomana ndi mkuru wa ku India, wa mtundu wa ansembe ochedwa Brahmin. Mkuruyo anali wolemera ndi wokoma mtima, ndipo anatha zaka 40 alikuphunzira; koma anadandaulira mlendoyo kuti moyo unamlemera, pakuti sanadziwe nthawi nciani, kapena kumene iye mwini anacokera, kapena umo maganizo apangikira m'mutu; ndipo anthu pomfunsa zimenezi anawayankha ndi manyazi, podziwa kuti mayankho ace ngacabe. Pafupi ndi nyumba yace panakhala mai wokalamba ndi wosauka, amene sanaganizepo zotere ngakhale tsiku limodzi. Iye anakhulupirira milungu ya makolo ace, ndipo akapeza madzi a mtsinje wa Ganges akusamba, anadziyesa wodala koposa akazi onse. Mlendoyo anasonyeza mkuruyo mnansi wace wokondwayo. Mkuruyo anabvomera kuti akadakhala wosaganiza akadakondwa iyenso, koma anati cimwemwe cotere sacifuna. Mlendoyo anafunsanso anzace anzeru, osapeza ndi mmodzi yemwe wolola kutaya nzeru kuti agule nazo mtendere. Voltaire alekera pomwepo, osamasula mfundoyo.

Tiyambe ndi cimene mlembiyo anaciona bwino. Ncoona kuti kudziwa kudza ndi zowawa zace. Walira mvula walira matope. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti mwana amene waphunzira kuwerengera ayamba kuona kucepa kwa ndalama za atate wace, ndipo amene waphunzira za maiko ena ayamba kuona kusauka kwa mudzi wace. Ncoonanso kuti munthu amene maso ace atseguka salola kuwatsekanso, cinkana zimene aona zimliritsa. Apa Voltaire sananame. Koma tipeza zirema zitatu m'nthano yace, ndipo cacitatuco ndico cacikuru.

Cirema coyamba ndi ici: mkuru uja sanazunzike ndi zimene anadziwa, koma ndi zimene sanadziwe. Zaka zace 40 zinamfikitsa pa khomo lotseka, ndipo cisoni cace cinali ca munthu wogogoda wosayankhidwa. Cotero nthanoyo, imene ambiri aitenga ngati umboni wakuti nzeru zambiri zipha cimwemwe, siyesa konse nzeru zambiri. Iyesa munthu amene wangozindikira umbuli wace.

Cirema caciwiri cikhudza mai uja. Mlembi amucha wopusa, ndipo ampatsa funso limodzi lokha, la za mzimu wace; polephera kulimva, mlandu wace watha. Ife a m'dziko lino tiudziwa bwino maweruzidwe otere, pakuti agogo athu anaweruzidwa comweco ndi alendo amene anawafunsa za m'mabuku okha. Mai wosauka amene wafika ku ukalamba adziwa zambiri: adziwa kusunga ufa kuti ufike mwezi wa njala, adziwa kulera wodwala, adziwa kulira maliro ndi kudzukanso m'mawa kukatunga madzi. Kapena cimwemwe cace cinacokera m'nzeru zimenezi, osati m'kupusa iai. Voltaire sanamfunse.

Cirema cacitatu ndi cakuti m'nthano monsemo mulibe kanthu kamene kali pa ngozi. Mkuruyo akadziwa kapena asadziwe ciyambi ca nthawi, cakudya cace cidzafika madzulo. Palibe mwana wodwala, palibe nyumba yoti igwe. Funso lolemera lotere liyenera kuyesedwa pamene kudziwa ndi kusadziwa kuli nkhani ya moyo ndi imfa. Malo otere sitisowa kukawafuna ku India, cifukwa mzinda wathu wa Blantyre unakhala bwalo la mlandu womwewu kwa zaka zambiri.

Caka ca 1985 nthenda ya Edzi inapezeka koyamba m'Malawi. M'caka comweco, pa cipatala ca Queen Elizabeth, cimene anthu acicha Gulupu, anapima magazi a amai apakati, napeza kacirombo mwa amai 2 pa 100 ali onse. Pofika 1996 ciwerengeroco cinapitirira 30 pa 100. M'caka cimeneco mankhwala akufooketsa kacirombo anayamba kupulumutsa anthu ku Europe ndi ku America, koma mtengo wace unali wosafikirika kwa munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe. Tsono taganizani za kalaliki wa ku Limbe m'zaka zimenezo, wa thupi lamphamvu, wa mkazi ndi ana, amene auzidwa kuti apite akapimitse magazi. Akapita, nakamva kuti ali nako kacirombo, adzabwera nciani kunyumba? Adzabwera ndi mau a imfa yace, wopanda mankhwala m'thumba, ndi mantha akuti anansi adzamsala. Ambiri anakana kupita, ndipo ife sitiwacha opusa. Iwo anayankha funso la Voltaire ndi mapazi ao, ndipo anayankha mosiyana ndi anzeru a m'nthano: anasankha masiku owerengeka a mtendere koposa cidziwitso copanda cithandizo.

Koma tisafulumire kuwapatsa mlandu wonse. Mtendere umenewo unali ngati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Kacirombo sikanaleke nchito yace cifukwa mwini thupi sanakadziwe. Kanapita kwa mkazi, ndipo kucokera kwa mkazi kanapita kwa khanda. Opala mabokosi a maliro anacuruka m'mbali mwa miseu, ndipo agogo anayamba kuleranso ana. Apa tiona cimene nthano ija inabisa: cimwemwe ca kusadziwa kawirikawiri ciri ca ngongole, ndipo wobweza ngongoleyo ndi munthu wina amene sanafunsidwe.

Tsono taonani cimene cinasintha. M'mwezi wa Juni 2004 Boma linayamba kugawa mankhwala aja kwaulere m'zipatala. Caka ca 2011 Malawi anatsogolera maiko ena poyamba kupatsa mai ali yense wapakati wopezeka ndi kacirombo mankhwala a moyo wace wonse, kuti iye akhale ndi moyo ndi kuti mwana abadwe wopanda kacirombo. Ndipo kuyambira 2012 ofufuza za nthenda anayesa njira yatsopano m'midzi ya mzinda uno, monga Ndirande ndi Chilomoni: anapatsa anthu kacipangizo kodzipima nako okha m'kamwa, m'nyumba zao, ndipo ogawa ace anali anansi ao omwe, ophunzitsidwa kupereka uphungu. M'caka coyamba anthu akuru atatu mwa anai ali onse anadzipima. Kacirombo kanali komweko. Mau oti munthu amve anali omwewo amene atate ao anawathawa. Cosiyana cinali cakuti tsopano cidziwitso cinadza ndi mankhwala m'dzanja limodzi ndi mnansi ku dzanja lina.

Pa cifukwa ici titi nthano ija inafunsa funso lace mokhota. Inaika nzeru mbali yina ya muyeso ndi cimwemwe mbali yina, monga ngati cimodzi cikakwera cinzace citsika. Koma za mu Blantyre zisonyeza kuti pali cinthu cacitatu, ndico mphamvu yakucitapo kanthu. Cidziwitso cimene munthu akhoza kucigwiritsa nchito cimwawa tsiku limodzi nicimsunga zaka makumi. Cidziwitso cimene sakhoza kucita naco kanthu cingomdya mtima.

Umboni wina tinauona m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwa pa cigawo ca kumwera. A zanyengo anacenjeza pa wailesi masiku angapo namondweyo asanafike, ndipo anacita bwino, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Komabe matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche nizikwirira nyumba ku Chilobwe. Ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 600, ena oposa 500 osapezeka konse. Munthu womanga m'mphepete mwa phiri sacita cifukwa cosadziwa kuti madzi atsikira kunsi. Acita cifukwa malo a pacidikha ali ndi mtengo umene iye alibe. Cenjezo lipulumutsa amene ali ndi kothawira. Kwa wopanda kothawira liwonjeza mantha pa usiku umene unali woopsa kale.

Tsopano tikhoza kubwera ku funso lenileni, la nzeru zopanda malire. Tiyerekeze munthu ataimirira pa msika wa Limbe, kapena pokwerera mabasi pa Wenela, atapatsidwa kudziwa zonse za ali yense wopita pamaso pace: tsiku la imfa yace, nthenda yobisika m'thupi mwace, ndi zimene aganizira mbale wace mumtima. Manja a munthuyo akali awiri, tsiku lace likali la maora 24, thumba lace likali lomwelo. Pa zikwi za masoka amene awaona akhoza kuletsa awiri kapena atatu. Otsalawo adzangowapenya alikudza. Adzakhala monga kalaliki uja wa zaka zopanda mankhwala, koma kocurukitsa kosawerengeka. Ndiponso adzataya zinthu zimene zimera pokhapo pamene munthu sadziwa zonse. Sadzakhulupiriranso bwenzi, pakuti kukhulupirira ndiko kupereka mtima kwa munthu amene sunaone m'kati mwace. Sadzayembekezanso kanthu, pakuti mlimi abzala ndi ciyembekezo cifukwa sanauzidwe za dzinja lonse. Sadzatha kuiwala colakwa ca mnzace, ndipo m'nyumba mopanda kuiwala ukwati sukhalitsa. Kulawa pang'ono kwa zimenezi tiri nako kale m'lamya za m'manja, zimene zitibweretsera nkhondo ndi maliro a maiko onse tisanasambe m'maso, pamene ife sitikhoza kutonthoza ngakhale mmodzi wa olirawo.

Cotero yankho lathu ndi lakuti iai, malonda amenewo munthu asawabvomere. Koma cifukwa cace si cakuti umbuli uli wokoma. Manda a zaka zija atiletsa kunena zotero. Cifukwa cace ncakuti mutu umodzi susenza denga. Nzeru za mtundu wa anthu zikhoza kukula kopanda malire, ndipo tikhumba kuti zikule, popeza zigawidwa pa mitu yambiri: wina adziwa za magazi, wina za mitambo, wina za nthaka, ndipo ali yense asenza gawo limene manja ace akhoza kuligwira. Nzeru zonsezo zikaunjikidwa pa munthu mmodzi zidzamthyola khosi. Mkuru wa m'nthano anabvutika cifukwa anafuna kusenza yekha, m'cipinda cace, mafunso amene mibadwo yonse isenzera pamodzi.

Pali cinthu cinanso cimene tiyenera kucisunga. Popeza wosenza katunduyo ndi mwini wace, iye ayenera kuloledwa kusankha nthawi yakuusenza. Caka ca 2017 Nyumba ya Malamulo, pokhazikitsa lamulo la za Edzi, inacotsamo mau amene akadakakamiza amai apakati ndi anthu ena kupimidwa. Tiyesa kuti inaweruza bwino. Coonadi cimene munthu wacifuna yekha, ali ndi womgwira dzanja, acilandira nacita naco kanthu. Cimene amponyera mokakamiza cimthawitsa ku cipatala komwe kuli cithandizo cace.

Kodi tsono nthano ya Voltaire tiitaye? Iai, iwerengedwe, makamaka ndi anyamata ndi asungwana a m'makalasi apamwamba, pakuti ifunsa bwino cinkana siyankha. Koma wowerengayo akumbukire kuti mlembi anasiya kunja odwala, osauka ndi ana, ndiwo amene funsoli liwakhudza koposa.

Kwa aphunzitsi anzathu tinena mau awa potsiriza. Nchito yathu ndiyo kutsegula maso, ndipo tisaileke poopa misozi imene kupenya kubweretsa. Koma tikaphunzitsa mwana cinthu coopsa, kaya nthenda, kaya kugumuka kwa mapiri opanda mitengo, kaya kucepa kwa minda, tisamtulutse m'kalasi tisanamsonyeze cimene manja ace ndi a anzace akhoza kucita, ndi khomo limene akhoza kugogodapo. Tikalephera apa tidzatulutsa m'sukulu zathu anthu onga mkuru uja, odziwa kuchula mabvuto onse ndi maina ao, koma okhala pansi ndi cisoni. Ndipo kwa iwo amene agwira cuma ndi ulamuliro wa mzinda uno titi: musayese kuti mwatha nchito pamene mwacenjeza anthu. Pomwe patumizidwa cenjezo patumizidwenso mankhwala, malo omangapo, ndi munthu wakuyenda nao obvutikawo.