Akuti, amvekere: luso lonena za mumtima mwa wina

Wosimba nkhani aliyense amafika pena povuta, pomwe ayenera kunena zomwe zinali mumtima mwa munthu wina. Zochita zimaoneka, mawu amamveka, koma chisoni, nsanje kapena mantha a mnzako palibe anaziona ndi maso. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, m'boma la Mecanhelas ku Mozambique, safunika kuwamasulira mwambiwu, pakuti tsidya amaliona tsiku ndi tsiku koma za kumeneko amazidziwa akapalasa bwato. Ine ndikuti osimba nthano a chigawo chino, kuchokera ku Amaramba kutsikira ku Chiuta mpaka kumalire a Entre Lagos ndi Nayuchi, ali ndi njira yawoyawo yonenera za mumtima mwa wina. Njirayo ndi luso lokhwima, ndipo olemba nkhani m'Chinyanja akuitaya msanga potengera zomwe anaphunzira m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi.

Tamverani gogo akamasimba za mwana wamasiye yemwe mayi womupeza wamutuma kukatunga madzi kutada. Gogoyo sanena kuti mwanayo anali ndi mantha aakulu ndipo anadziona wosakondedwa. Amayamba ndi thupi: mwana uja anangoti kakasi pakhomo, mtsuko uli m'manja, miyendo ili njenjenje. Kenaka amatsitsa mawu, nkukhala mwanayo kwa kamphindi: amvekere, "Mayi, kunjatu kwada." Mawu akuti amvekere ali ngati chenjezo kwa omvera kuti pakamwa ndi pa gogo koma wolankhula ndi wina. Chisoni chikakula kufika poti sichinganeneke, nthano imalowa m'nyimbo, gogo atsogolera, ana avomera. Apa ndi pomwe pagona luso lonse. Ana omwe amangoti "tilitonse" tsopano akuimba madandaulo a wamasiye ndi pakamwa pawo, ndipo chisoni chomwe palibe wachitchula dzina chalowa m'chifuwa mwa aliyense. Gogo sanaweruze mtima wa mwanayo. Waonetsa thupi, wabwereka mawu, wagawira omvera nyimbo, ndipo kutchula dzina la zomwe mwanayo akumva wasiyira iwo eni.

Chingerezi chimayenda mwina. Mngerezi akamabwereza zomwe wina ananena, kawirikawiri amabweza mneni m'mbuyo, mwakuti munthu yemwe anati akumva chisoni amasanduka munthu yemwe anali ndi chisoni, ndipo womvera sadziwa ngati chisonicho chatha kapena chilipobe. Chipwitikizi nachonso chimatero, ndipo ana asukulu ku Mozambique amaphunzitsidwa kusandutsa mawu a mwini kukhala mawu obwereza motsata lamuloli. Ife tikati "anati mtima ukumupweteka", ululuwo timausiya uli wamoyo monga mwini anaunenera. Sindikunyoza Chingerezi. Pa maziko omwewo olemba ake anamangapo luso lalikulu, losakaniza mawu a wosimba ndi maganizo a mpangankhani popanda kuika malire. Jane Austen, m'buku lake la Emma la mu 1815, amatilowetsa m'maganizo a mtsikanayo mpaka timalakwitsa naye limodzi poweruza mitima ya anzake, kenaka nkuzindikira naye limodzi kuti tinasokera. Choncho ngakhale kumeneko, katswiri amadziwa kuti mtima wa wina ndi wosavuta kuunamizira. Vuto ndi la wotengera mwachimbulimbuli, yemwe amatolako ufulu wolowa mumtima basi, nkusiya kusamala kwake. Ndiye timawerenga nthano zolembedwa momwe mlembi amatiuza mzere uliwonse kuti uyu anakwiya kwambiri, uyo anakhumudwa kwambiri, winayo anasangalala kwambiri, ngati kalaliki wolemba kaundula wa mitima. Wowerenga sapatsidwa ntchito, nchifukwa chake sakhudzidwa.

Ngakhale za mumtima mwake momwe, Mnyanja sazinena ngati katundu yemwe ali naye m'thumba. Amati mantha anandigwira, manyazi anandigwira, nkhongono zinandithera, mtima unandiuza kuti ndibwerere. Amazinena ngati zinthu zomwe zinamugwera, ndipo amaloza pomwe zinamugwira. Ngati munthu amasamala chotere ndi mtima wake, nanji wa mnzake? Nchifukwa chake nkhoswe pabwalo, poimira mlongo wake pa mlandu wa banja, amati, "Achemwali athuwa akuti mtima wawo wawawa ndi zomwe achita alamu." Akuti ameneyu ndi malire omwe nkhoswe ikudziikira: ndanyamula mawu, mtima ndausiya kwa mwini. Chigawo chino chili ndi chifukwa china cholemekezera malirewa. Nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri a ku Mecanhelas anaolokera m'boma la Machinga. Pobwerera, anthu anakhalanso moyandikana ndi ena omwe anali mbali ina ya nkhondoyo. M'mudzi wotere, kunena motsimikiza kuti uje amadana ndi uje ndi kukoleza moto, pomwe kubwereza mawu a munthu monga anawanenera, nkulekera pomwepo, kumalola anthu kumwera chitsime chimodzi.

Wina atsutsa kuti akuti ndi mawu a miseche, pobisalira munthu wofalitsa bodza. Nzoona kuti mphekesera zonse zimayenda ndi akuti. Koma kusiyana kulipo, ndipo bwalo lililonse limakudziwa. Akuti wa nkhoswe ali ndi mwini wake, wakhala pamphasa pomwepo, ndipo mfumu ikhoza kumufunsa. Akuti wa miseche ukafunsa kuti akutero ndani, umasowa poloza. Wosimba nthano waluso ali mbali ya nkhoswe, pakuti amvekere wake nthawi zonse amatchula wolankhula, kaya ndi Kalulu, kaya ndi mkamwini, kaya ndi wamasiye uja.

Chitsutso cholemera kuposa ichi ndi chokhudza amayi. Nkhoswe ikati achemwali akuti akhululuka, mwina mayiyo sanakhululuke konse, angopanikizidwa kuseri kwa nyumba ndi achibale ofuna kuti banja lisathe. Kulankhulirana kotere kwatsekapo pakamwa amayi ambiri, ndipo sindingakuikire kumbuyo. Koma taonani pomwe pali choipacho. Chili pa kumukaniza mwini kulankhula, osati pa akuti. Mawuwa ndi omwe amasiya khomo lotsekula, chifukwa amavomereza kuti izi ndi zongouzidwa, ndipo mfumu yanzeru imatembenukira kwa mayiyo nkufunsa, "Mayi, zili choncho?" Nkhoswe ikadangoti "akhululuka", ngati yaona mumtima mwawo, funsolo likadasowa polowera. Tisaiwalenso kuti nthano zambiri zimasimbidwa ndi amayi ndi agogo aakazi, ndipo nyimbo ya m'nthano kawirikawiri amaipereka kwa wopanda mawu pabwalo: mkazi wozunzidwa, mwana wamasiye, wamng'ono wonyozeka. Zomwe bwalo linatsekereza masana zimatuluka usiku pamoto, mudzi wonse ukuvomera.

Olemba mabuku aatali nawo ali ndi dandaulo lawo, kuti popanda kulowa m'mutu mwa mpangankhani, anthu a m'buku amakhala osazama. Koma Chinyanja sichinatseke njira imeneyo. Timati anadziyankhulira chamumtima, nkumulola munthuyo kulankhula yekha, m'mawu ake, ndi zifukwa zake zopotoka ndi mabodza omwe amadzinamiza nawo. Msodzi yemwe wabwera kunyanja wopanda kanthu, nkumadziuza chamumtima kuti vuto ndi mphepo pomwe ukonde wake ndi wong'ambika, tamudziwa mozama kuposa yemwe mlembi wangotiuza kuti anali waulesi ndi wamanyazi. Kuzama kumabwera pomwe wowerenga waona mpata pakati pa zomwe munthu akunena ndi zomwe akuchita, ndipo mpatawo umatsekeka mlembi akathamangira kutiuza yankho.

Kuyambira mu 2003 dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa ana m'zinenero zawo pamodzi ndi Chipwitikizi m'masukulu ena, ndipo Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenerozo. Izi zikutanthauza kuti nthano zikulembedwa, ndipo wina wake akusankha chomwe chilowe m'buku ndi chomwe chitsale. Inu aphunzitsi ndi olemba a ku Mecanhelas, mukamalemba nthano ya gogo, musachotse amvekere poganiza kuti ndi chilankhulo cha kumudzi, musafufute njenjenje nkuikapo "anachita mantha", ndipo pofika pa nyimbo musalembe kuti mwanayo anaimba modandaula. Ilembeni nyimboyo yonse, ndipo ana a m'kalasi aivomere.