Za Sewero la Pygmalion

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za sewero la Angelezi lochedwa Pygmalion, limene analemba George Bernard Shaw, munthu wa ku Ireland, ndipo linaonetsedwa ku London m'caka ca 1914. Tonse tidziwa kuti munthu akangotsegula pakamwa tazindikira kwao. Petro yemwe anagwidwa ndi malankhulidwe ace a ku Galileya. Koma ku England masiku aja lilime linkaululanso ngati munthu ali wa banja lolemera kapena losauka, ndipo linkamtsekera makomo a nchito.

Sewero liyamba usiku, anthu alikuusa mvula pa khonde la chalichi ku Covent Garden. Pakati pao pali Eliza Doolittle, mtsikana wogulitsa maluwa m'miseu, wolankhula monga amphawi a mu London, amene ameza lemba la h poyambira mau. Palinso Henry Higgins, katswiri wa kachulidwe ka mau, amene pongomva mtsikanayo achula dera la kwao, Lisson Grove. M'mawa mwace Eliza afika kwa Higgins napempha maphunziro, nati adzalipa shilingi. Cimene afuna ncacing'ono: kulembedwa nchito m'sitoro ya maluwa, pakuti eni masitoro salandira wolankhula monga iye. Higgins apangana ndi mnzace, Colonel Pickering, kuti pa miyezi 6 adzamsandutsa dona, kotero kuti akuluakulu sadzazindikira.

Ambiri ayesa kuti phunziro la seweroli ndilo lakuti wolankhula bwino akwera. Ine sinditero, ndipo gawo lacitatu ndilo mboni yanga. Eliza atengedwa kukaceza kwa amace a Higgins. Achula mau onse mosalala, koma nkhani zace zikali zakwao: afotokozera alendo kuti mbale wace wina sanafe ndi cimfine koma anacita kuphedwa, ndipo potsazika atukwana liu limene linadzidzimutsa London yense m'caka cija. Nanga alendowo atani? Mnyamata wina, Freddy, ayesa kuti ndiwo makambidwe atsopano a anthu apamwamba, ndipo mlongo wace abwereza kutukwanako monyadira. Apa Shaw saseka Eliza ai. Aseka iwo amene makutu ao amva kachulidwe kokha, osamva cimene canenedwa.

Taonaninso Higgins mwini. Atukwana, alalatira anthu, kufikira mai womsungira nyumba amdzudzula za makhalidwe ace a pa cakudya. Koma palibe amcotsera ulemu wace, cifukwa anabadwa nao. Eliza akaphonya lemba limodzi wagwa.

Tsiku la mayeso Eliza apambana, koma pobwera kunyumba amuna awiriwo angoyamikizana okhaokha, osamuyang'ana nkomwe. Pamenepo aponyera Higgins nsapato zace za m'nyumba, nafunsa kuti tsono apita kuti. Ku miseu sangabwerere, pakuti lilime lace lakale lamthawa. Kukhala dona sangathe, pakuti alibe cuma. Ife aphunzitsi funso limeneli litilasa, popeza kuongola lilime la mwana nkwapafupi kusiyana ndi kumpezera pokhala. Pambuyo pace Eliza auza Pickering kuti cimene cinamuyambitsa kudzilemekeza ndico cakuti iye anamuitana mwaulemu tsiku loyamba lomwe, monga aitanira mwana wamkazi wa munthu womveka. Mau amenewa, kwa ine, ndiwo mtima wa sewero lonse.

Zolakwa ziripo. Atate wa Eliza, wotaya zinyalala, amene anapempha mapaundi 5 kwa Higgins cifukwa ca mwana wace, alandira mwadzidzidzi cuma ca mapaundi 3,000 pa caka cocokera kwa munthu wolemera wa ku America, nakwera ndi lilime lace lomwelo. Ganizo nlabwino, koma cumaco cigwa ngati mvula ya m'cilimwe, ndipo sindicikhulupira. Cinanso, m'magawo oyamba Shaw atisekeretsa kulira ndi kufuula kwa Eliza kopitirira; ndikayika ngati onse okhala pa mipando ya mtengo wapatali anazindikira kuti osekedwa anali iwo.

Oonerera anafunitsitsa kuti Eliza akwatiwe ndi Higgins, ndipo Herbert Beerbohm Tree, amene anasewera Higgins mu 1914, ankamponyera maluwa potsiriza kuti awakondweretse. Shaw anaipidwa, ndipo mu 1916 anaonjeza mau ku buku lace ofotokoza kuti Eliza anakwatiwa ndi Freddy, natsegula sitoro ya maluwa ndi cithandizo ca Pickering. Iye anamwalira mu 1950. Mu 1956 ena anasandutsa nkhaniyi sewero la nyimbo, My Fair Lady, ndipo m'menemo Eliza abwerera kwa Higgins, amene amlandira ndi kufunsa kumene kuli nsapato zace.