Matope a m'fakitale agwira cadmium m'madzi, nanga akakhuta apita kuti?

Malipoti a kafukufuku akuchulukirachulukira onena kuti matope otsala m'mafakitale angathe kuchotsa zitsulo zapoizoni m'madzi oipa. Otchuka kwambiri ndi matope ofiira amene amatsala poyenga aluminiyamu kuchokera ku miyala ya bauxite. Amawaumitsa, kuwatsuka ndi asidi kapena kuwawotcha, ndipo ufa wake umagwira mtovu, cadmium ndi kopa. Izi sitikutsutsa. Matopewa ali ndi dzimbiri lachitsulo lambiri limene zitsulozi zimamatirira, komanso pH yake ndi yokwera, kawirikawiri kuposa 10, moti zitsulo zosungunuka zimadikha pansi ngati nsenga.

Koma mayeso ambiri ndi a m'botolo: madzi oyera, chitsulo chimodzi, kukhutchumula maola angapo, basi. Madzi enieni sali choncho. Amene waona mtsinje wa Mudi ukadutsa mafakitale a ku Makata mu Blantyre akudziwa kuti mumakhala sopo, mafuta ndi zonyansa zina, ndipo zonsezi zimalimbirana malo pa ufa womwewo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri monga wa zaulimi ndi chimene malipoti ambiri amachidumpha. Chitsulo sichiwola. Cadmium akachoka m'madzi amangosamukira mu ufa, ndipo ufawo ukakhuta uyenera kutayidwa penapake. Matope ofiira omwewa ena amawayesa ngati laimu wochepetsera asidi m'nthaka, ndiye sizovuta kuganiza kuti tsiku lina wina adzati ufa wokhutawu nawonso uthiridwe m'munda. Pamenepo ndi pangozi. Nthaka yokhala ndi asidi, ngati yofiira ya ku Thyolo ndi Mulanje, imamasula cadmium mosavuta pH ikatsika pansi pa 6, ndipo feteleza wa urea ndi sulphate of ammonia amaitsitsa chaka ndi chaka. Ndiwo zamasamba monga mpiru ndi repu zimayamwa chitsulochi msanga, pamene malire a Codex pa masamba ndi 0.2 mg pa kilogalamu. Mbewu imaoneka yobiriwira bwinobwino. Mlimi sangadziwe kanthu ndi maso. Ku Japan, m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu, anthu anadya mpunga wothiriridwa ndi madzi a cadmium kwa zaka zambiri, impso ndi mafupa zikuwonongeka, boma lisanavomereze mu 1968 gwero la matenda a itai-itai.

Matopewo pawokha si ofatsa. Mu 2010 damu lake linaphulika pafupi ndi Ajka ku Hungary, anthu 10 n'kufa.

Lipoti loti tilikhulupirire pa nkhani ya ulimi wothirira lisathere pa kuyeza madzi. Ufa wokhuta uikidwe mu nthaka ya asidi, mubzalidwe mpiru kwa nyengo zosachepera zitatu ndi feteleza amene alimi amathira, kenako ayeze cadmium m'masamba ndi m'madzi otsika pansi pa mizu. Kufikira zotsatira zotere zitapezeka, ufawu usafike m'dimba.