Anthu Olongedza Katundu wa Baseball ku Boston

Chaka chilichonse mu February, kunja kukuzizira koopsa, anthu a ku Boston amasonkhana pa bwalo la Fenway Park kudzatsanzikana ndi lole. Tsikuli amalitcha Truck Day. Loleyo imanyamula katundu wa timu ya Red Sox kupita ku Fort Myers ku Florida, ulendo wa makilomita oposa 2,000, komwe osewera amakonzekera nyengo yatsopano. Mkati mwake mumakhala mipira yoposa 20,000, zibonga zomenyera mpira zoposa 1,000, zipewa zolimba, yunifolomu, ngakhale chingamu.

Ine ndimatayira kamtengo anthu olongedzawo. Chibonga cha mtengo sichifuna chinyontho, choncho amachisunga pouma, ndipo nambala ya mwini wake imalembedwa kumapeto kwa chogwirira kuti chisasokonezeke. Gulovu wachikopa ndiye wovuta kwambiri. Akapsinjidwa pansi pa katundu wolemera amaphwatalala, nchifukwa chake ambiri amaikamo mpira mkati asanamulowetse m'chikwama, kuti thumba lomwe dzanja la wosewera linaumba kwa miyezi lisawonongeke.

Wosewera akafika ku Florida amapeza zake zili pamalo pake. Amene anazisanja mayina awo samveka pawailesi, koma ntchito yawo ndi yaluso ndithu.