Mmisiri amene amayamba ndi kununkhiza

Pa Migowi kapena pa boma la Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, mudzampeza pakhonde la sitolo, tebulo lake litadzaza mawailesi, ma inverter ndi zipangizo za sola. Ambirife timangomudutsa. Koma taimani pang'ono muone momwe amagwirira kabokosi ka controller, kaya ka sola kaya ka njinga yamagetsi, kamene kamayendetsa mphamvu ya batire.

Sapupuluma. Amatsegula chivundikiro n'kununkhiza kaye, pakuti chopsa chili ndi fungo lakelake. Kenako amayang'anitsitsa: capacitor yotupa, kanjira ka kopa kakuda ndi moto, dzimbiri lobiriwira pomwe panalowa madzi. Akatero amatenga multimeter n'kukhudza timiyendo ta MOSFET iliyonse. Ikalira pomwe siyenera kulira, vuto lapezeka. Apa m'pamene ndimakonda kuyang'ana dzanja lake losanjenjemera, mtovu ukusungunuka, kautsi kakukwera, iye akuzula kachipangizo kochepa ngati njere ya chimanga osawononga tinzake. Cholowa m'malo nthawi zambiri amachotsa pa bolodi lina lakufa limene anasunga mwadala.

Madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu 2023 anawononga katundu wambiri kuno. Popanda munthu wotere, chilichonse chozima chikanangotayidwa, kapena mwiniwake akanalipira ulendo wa ku Blantyre kukagula chatsopano. Ana akanasowa nyale yowerengera, mafoni akanagona osatchaja.

Mmisiriyu akakuuzani mtengo wa ntchito yake, musanenerere kwambiri. Ngati n'kotheka, tumizani mwana wanu akaphunzire kwa iye.